Ethelwynn Trewavas: mayi amene adasintha dzina la chambo

Mayi wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Waliranji, kwa T/A Mavwere m'boma la Mchinji, sasokoneza milu yake. Usipa umakhala pawokha, utaka pawokha, matemba pawokha, ndipo akapeza chambo chowamba amachiika pamwamba poti ndicho chimaimitsa ogula. Kunyanja n'kutali, koma nsomba zakezo amazidziwa monga kholo lidziwira ana ake. Mlimi amene adakumba damu la nsomba kudambo nayenso salephera kusiyanitsa makumba ndi chilunguni, ngakhale zikadali zazing'ono ngati chala.

Chisokonezo chimayamba nsombazi zikalowa m'mabuku. Buku lakale limatcha makumba kuti Tilapia shirana, pamene latsopano limati Oreochromis shiranus. Chilunguni chimene alangizi adazolowera kuchilemba kuti Tilapia rendalli tsopano akatswiri akuchilemba kuti Coptodon rendalli. Chambo nacho chasinthidwa dzina kangapo. Nsomba n'zomwezo, ndipo mumphika zimakoma chimodzimodzi. Chimene chakhala chikusintha ndi yankho la funso limene lasautsa asayansi kwa zaka zoposa 250: kodi timadziwa bwanji kuti zamoyo ziwiri ndi mtundu umodzi kapena ndi mitundu iwiri? Pa nsomba za m'nyanja yathu, munthu amene adalimbana ndi funsoli nthawi yaitali kuposa onse adali mayi wa ku England, Ethelwynn Trewavas.

Mayi Trewavas adabadwa pa 5 Novembala 1900 ku Penzance, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere kumalekezero a kumwera chakumadzulo kwa England. Adaphunzira sayansi ku Reading, n'kumaliza mu 1921, ndipo kwa zaka zingapo adali mphunzitsi. Mu 1925 adapeza ntchito yothandizira kuphunzitsa pakoleji ina ku London. Nthawi yotsala adaithera pa achule: ankatumbula achule a mitundumitundu n'kumayerekeza kholingo lawo ndi timafupa ta pansi pa lilime. Wina akhoza kuseka kuti munthu wophunzira angataye zaka zake pakhosi la chule. Koma m'menemo ndimo adaphunzirira luso limene lidawadyetsa moyo wonse, lowerenga chibale cha zamoyo pa timafupa ting'onoting'ono timene ena sationa n'komwe.

Ntchito ya achuleyo idawakumanitsa ndi Charles Tate Regan, katswiri wa nsomba amene adali mkulu wa nyumba yosungiramo zachilengedwe ya British Museum ku London. Mu 1928 Regan adawatenga kukhala womuthandiza, ndipo mu 1935 adalembedwa ntchito yokhazikika m'nyumbamo, panthawi imene akazi asayansi m'makhonde amenewo ankachita kuwerengeka ndi zala.

Kuti timvetse ntchito imene adakaipeza, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Katchulidwe ka maina awiriawiri a Chilatini kadakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kwa nyama kamawerengedwa kuyambira pa buku lake la mu 1758. Njira yake siyachilendo kwa ife. Monga munthu amakhala ndi mfunda, Banda kapena Phiri, komanso dzina lakelake, chamoyo chilichonse chimapatsidwa dzina la gulu lake poyamba, kenaka dzina la mtundu wake. M'nkhani muno dzina loyambalo tizilitcha mfunda. Linnaeus adayamba ntchito yake akukhulupirira kuti mitundu ya zamoyo idalengedwa payokhapayokha ndipo siisintha, choncho udindo wa wasayansi udali kuizindikira, kuifotokoza ndi kuiika m'malo mwake ngati mbale m'kabati.

Mu Novembala 1859 Charles Darwin adatulutsa buku limene lidagwedeza maganizo amenewo. Iye adati mitundu imasintha pang'onopang'ono, imagawikana kuchokera kwa makolo amodzi, ndipo malire a pakati pa mtundu ndi unzake nthawi zina sachita kuoneka bwino. Miyezi iwiri bukulo lisadatuluke, David Livingstone adali atafika pagombe la nyanja imene lero timaitcha Malawi. Mu 1861 mnzake wa paulendo, dokotala John Kirk, adatola nsomba zingapo za m'nyanjamo, n'kuumika zikopa zake, ndipo mu 1864 Albert Günther wa ku British Museum adazipatsa maina. Dzina loyamba la chambo m'mabuku a sayansi, Chromis squamipinnis, lidachokera pa chikopa choumacho.

Darwin adasintha zimene akatswiri ankaganiza, koma sadasinthe msanga zimene manja awo ankachita. Mayi Trewavas atafika, kagwiridwe ka ntchito kadali kakale komwe. Nsomba zinkabwera m'migolo ndi m'mabotolo a mankhwala oletsa kuola. Katswiri ankaitulutsa imodzi, kuwerenga mamba a m'nthiti, minga ya chipsepse cha pamsana ndi mizere ya mano, kuyeza mutu poyerekeza ndi thupi, n'kuyang'ana fupa la mano a kukhosi. Ziwerengero zikasiyana mokwanira ndi za nsomba zodziwika kale, ankalengeza mtundu watsopano, ndipo nsomba imodzi kapena zingapo zinkasungidwa kuti zikhale mboni ya dzinalo mpaka kalekale.

Kufooka kwa njirayi adakuona msanga. Ntchito yawo yoyamba ndi Regan idali pa nsomba za pansi penipeni pa nyanja zamchere, zimene ngalawa ya kafukufuku ya ku Denmark yotchedwa Dana idavuula. Mwa zina mwa nsombazo yaikazi imakhala yaikulu, yokhala ndi kanyali pamutu, pamene yaimuna ndi kanthu kakang'ono kosafanana nayo mpang'ono pomwe. Akatswiri ena adali atalemba zazimunazo ngati mitundu ina, m'banja linanso. Maonekedwe okha adalekanitsa mwamuna ndi mkazi wake.

Nsomba za kwathu zidawapeza ali pampando ku London. Mu 1925 ndi 1926 dokotala wina woyendayenda, Cuthbert Christy, adatola nsomba zikwi zingapo m'nyanja ya Nyasa n'kuzitumiza ku British Museum. Christy adafa mu 1932 ku Congo atagundidwa ndi njati, ndipo mtolo wakewo udagwera m'manja mwa Mayi Trewavas. Zambiri mwa nsombazo zidali za banja lalikulu lotchedwa cichlid, mmene muli chambo, utaka, kambuzi, mcheni ndi mbuna. Regan, polemba za banjali mu 1922, adawerenga mitundu 84 ya m'nyanja yathu. Mu 1935 Mayi Trewavas adatulutsa mndandanda wa mitundu 175, ndipo yoposa theka adaiika pansi pa mfunda umodzi wa Haplochromis.

Tisaiwale kuti pamenepo n'kuti asadapondepo phazi m'dziko muno. Nsomba yokhalitsa m'botolo imasuluka, imatuwa ngati chiguduli. Siingakuuze kuti imakhala pamiyala kapena pamchenga, imaswa mwezi wanji, kapena kuti yaimuna imavala mtundu wanji ikafuna mkazi. Chodabwitsa n'chakuti maina ambiri amene adapereka chaka chimenecho, atangoona mafupa ndi mano okha, akugwirabe ntchito lero. Diso lawo lidali lakuthwa. Komabe chiwerengero cha 175 chidali kachigawo chabe ka zimene zidali m'madzimo.

Mwayi woona nyanjayo udadza mu 1939. Boma la atsamunda lidali likufufuza za kadyedwe ka anthu a m'Nyasaland, makamaka m'boma la Nkhotakota, ndipo lidafuna kudziwa ngati nsomba zingathandize kuchepetsa kunyentchera. Mayi Trewavas adabwera pamodzi ndi Kate Ricardo ndi John Borley. Adayendera madoko, adaona makoka akukokedwa m'mamawa, adagwira nsomba zikadali zonyezimira, ndipo koposa zonse adamvetsera asodzi.

Apa mpamene padali phunziro lalikulu. Mabuku a ku London ankadziwa mtundu umodzi wa chambo, uja wa chikopa cha Kirk. Asodzi ankadziwa mitundu ingapo, uliwonse ndi dzina lake, malo ake ndi nyengo yake. Adali ndi dzina la chambo cha mutu waukulu chokonda madzi akuya, ndiponso la china chimene chachimuna chake chimada bii nthawi yoswana. Mayi Trewavas sadanyoze nzeru imeneyi ngati nthano za anthu osaphunzira. Adabwerera ku London n'kukayeza, ndipo mafupa a kukhosi adavomereza zimene asodzi ankanena. Mu 1941 adalengeza mitundu iwiri yatsopano ya chambo. Umodzi adautcha karongae, potengera Karonga, ndipo unzake adausiyira dzina limene adalimva pagombe, lidole. Lipoti la gulu lawo lidasindikizidwa mu 1942, nkhondo yachiwiri ili mkati.

Pano pali mawu oyenera kunenedwa. Malamulo a sayansi amafuna kuti pambali pa dzina la mtundu pazilembedwa dzina la amene adaufotokoza ndi chaka chake, choncho lidole limalembedwa ndi dzina la Trewavas ndi chaka cha 1941. Msodzi amene adaloza nsombayo ndi chala n'kutchula dzina lake alibe malo m'kalembedwe kameneka. Si mlandu wa mayiyu yekha, ndi mmene dongosolo lonselo lidamangidwira. Chimene tingawayamikire n'chakuti adasunga liwu la pagombe mkati mwa dzina la Chilatini, moti wasayansi wa ku Japan kapena ku Brazil akamatchula nsombayi amalankhula mawu a kunyanja kwathu mosadziwa.

Chaka chomwecho cha 1942, Ernst Mayr, katswiri wa mbalame wochokera ku Germany amene ankagwira ntchito ku New York, adafalitsa tanthauzo la mtundu limene lidalamulira sayansi kwa zaka makumi angapo. Kwa iye mtundu ndi gulu la zamoyo zimene zimakwerana n'kubereka ana m'chilengedwe, ndipo sizisakanikirana ndi magulu ena. Kufanana kwa nkhope sikudalinso muyeso. Funso lidasanduka lakuti ndani amaswana ndi yani, ndipo funso lotere botolo silingayankhe. Pafunika munthu wokhala pagombe chaka chathunthu.

Munthu woteroyo adapezeka mwa Rosemary Lowe, mtsikana wa ku England amene adakhala kunyanja kuyambira 1945 mpaka 1947 akutsata moyo wa chambo, ndipo adadzakhala mnzawo wa Mayi Trewavas mpaka imfa. Iye adaonetsa kuti mitundu ya chambo, ngakhale imafanana kwambiri ikadali kasawala, imasiyana malo ndi nyengo yoswera komanso mtundu wa zazimuna: china chimayera mutu, china chimada thupi lonse. Chaimuna chimakonza chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimasankha chisa cha mwamuna wa mtundu wake. Mu 1953 Lowe adawonjezera mtundu wachinayi, nautcha saka, lomwenso ndi dzina la asodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza ena adayezanso n'kunena kuti saka ndi karongae ndi mtundu umodzi, ndipo mabuku ambiri lero amatsata maganizo amenewo. Chambo chidayamba chili mtundu umodzi, chidafika pa inayi, n'kubwerera pa itatu, m'madzimo musadasinthe kanthu.

Maganizo a Mayr adabweretsanso mtsutso wina. Iye ankakhulupirira kuti mtundu umagawikana pawiri pokhapokha china chake, phiri kapena nyanja, chitalekanitsa zamoyozo kwa nthawi yaitali. Nanga mitundu mazanamazana ya pachibale idabadwa bwanji m'nyanja imodzi yopanda mpanda? M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer adakhala ku Nkhata Bay akuyang'ana tinsomba ta m'miyala timene Atonga amatitcha mbuna, dzina limene lero lili m'zinenero zonse za oweta nsomba zokongoletsa nyumba. Iye adaona kuti mbuna siziwoloka mchenga kapena madzi akuya, kotero mulu uliwonse wa miyala uli ngati chilumba. Mpanda ulipo, kungoti suoneka kwa munthu wa mubwato. Mu 1956 Fryer adatcha mbuna ina yokhala ndi mphuno yopindikira pakamwa kuti Labeotropheus trewavasae polemekeza mayiyu.

Mbuna zomwezo zidadzaonetsa kutalika kwa mtunda umene sayansi idayenda. Nsomba imene kuyambira 1899 inkadziwika ndi dzina limodzi la zebra idali ndi mitundu ingapo ya khungu, ndipo akatswiri a m'mabotolo ankati ndi kusiyana wamba, ngati kwa nkhuku yoyera ndi yakuda. Ofufuza atayamba kumira m'madzi ndi zipangizo zopumira m'zaka za m'ma 1970, adapeza kuti zina mwa nsombazo zimakhala pamwala umodzi koma sizikwerana. Mamba ndi mano n'zofanana, koma kwa nsomba zenizo ndi alendo.

Mayi Trewavas adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya zinyama mu 1958, ndipo adapuma pantchito mu 1961. Kupumako kudali kwa papepala chabe. Adapitiriza kubwera kuntchito ngati kale, ndipo mabuku awo aakulu kwambiri adawalemba atapuma. Mu 1968 bungwe la Linnean Society lidawapatsa mendulo yake. Mu 1970, akuyandikira zaka 70, adapita ku Cameroon kukafufuza kanyanja ka Barombi Mbo, kamene kali m'chigwa cha phiri lomwe lidaphulika kalekale. Kanyanjako n'kozungulira ngati mbale, kopingasa makilomita osafika atatu, koma iwo ndi anzawo adapezamo mitundu 11 ya cichlid yosapezeka kwina kulikonse padziko. M'mbale yotere mpanda wa Mayr ukadakhala pati?

Ntchito imene idafika mpaka kudamu la mlimi wa kwa Mavwere ndi ya dzina la Tilapia. Dzinali lidapangidwa mu 1840 ndi Andrew Smith kuchokera ku liwu la Chitswana lotanthauza nsomba, ndipo m'kupita kwa zaka lidasanduka dengu lotayiramo nsomba iliyonse ya ku Africa yooneka ngati chambo. Mayi Trewavas adaona kuti m'dengumo muli nsomba za makhalidwe osiyana kotheratu. Zina zimaikira mazira pachisa, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalondera pamodzi mpaka ana atakula. Zina zimanyamula mazira m'kamwa. Mwa zonyamula m'kamwazo, pali zimene bambo amanyamula kapena makolo onse awiri, ndipo pali zimene mayi yekha amatola mazira n'kuchoka, kusiya bambo pachisa akudikira mkazi wina.

Mu 1973 adachotsa zolerera m'kamwa zonse mu Tilapia n'kuziika mu mfunda wa Sarotherodon. Atapitiriza kufufuza adaona kuti sikudakwane, ndipo zimene mayi yekha amalera adazipatsa mfunda wa Oreochromis, dzina lakale limene Günther adalipanga mu 1889 potcha nsomba ya m'kanyanja ka m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro. Zonsezi adazimanga pamodzi m'buku la masamba oposa 500 limene lidatuluka mu 1983, ali ndi zaka 82. Chambo, makumba ndi nsomba yotchuka ya mu mtsinje wa Nile zidakhala Oreochromis. Chilunguni, poti chimalondera chisa, chidatsala mu Tilapia.

Kusinthaku sikudalandiridwe ndi manja awiri. Akatswiri ena, Fryer mmodzi mwa iwo, adatsutsa kuti makhalidwe a kaleredwe akhoza kubadwa kangapo m'magulu osiyana, choncho si umboni wokwanira wa chibale. Oweta nsomba m'maiko ambiri adadandaula kuti awasokonezera dzina limene aliyense adalizolowera. Dandaulo lawo lidali lomveka, ndipo mpaka lero pamsika wa dziko lonse nsombazi zimagulitsidwa ngati tilapia basi. Koma aliyense amene adaweta makumba ndi chilunguni m'damu limodzi akudziwa kuti mayiyu sadalote. Makumba aakazi amayenda kukamwa kuli tutu, osadya, mpaka ana ataswedwa. Chilunguni chimakumba timaenje m'mbali mwa damu, chimathamangitsa chilichonse choyandikira chisa, ndipo chimadya masamba amene mlimi waponyamo. Dzina latsopanolo lidangonena zimene dziwe limaonetsa tsiku ndi tsiku.

Padatsala dengu lina, la Haplochromis, limene iwo eni adalidzaza mu 1935. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mnzawo wa ku British Museum, Humphry Greenwood, adapeza kuti dzinalo liyenera nsomba zochepa chabe za kudera la nyanja ya Victoria. Mitundu yoposa 100 ya m'nyanja ya Malawi idatsala yopanda mfunda. Mayi Trewavas adagwirizana ndi David Eccles, amene adagwira ntchito ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay kwa zaka zambiri, ndipo mu 1989 adatulutsa buku lokhala ndi mifunda yatsopano yoposa 20. Utaka udakhala Copadichromis, kuchokera ku liwu la Chigiriki lonena za gulu la nsomba zoyendera pamodzi. Nsomba ya mawangamawanga ija imene imagona cham'mbali pansi ngati yakufa, kuti tinsomba tiyandikire n'kutimeza, idalowa mu Nimbochromis. Pogawa magulu adadalira kwambiri mizere ndi madontho akuda a pathupi. Sizichitikachitika kuti munthu wa zaka 88 agwetse yekha nyumba imene adaimanga ali ndi zaka 34.

Maso awo adayamba kuchita khungu. Makina awo oonera tinthu ting'onoting'ono adawapereka kwa Ad Konings, wofufuza wa ku Netherlands amene adakhala akumira m'nyanja yathu ndi kujambula nsomba zake. Adamwalira ku Reading pa 16 Ogasiti 1993, ali ndi zaka 92.

Pomwe ankatsikira kuli chete, muyeso wachitatu udali utayamba kale kugwira ntchito. Asayansi adali ataphunzira kuwerenga DNA, malangizo a chibadwa amene chamoyo chilichonse chimalandira kwa makolo ake, ndipo chibale chidayamba kuyezedwa m'magazi osati pa mamba. Zina mwa zimene mayiyu adanena zidatsimikizika. Mu 1994 ofufuza a ku Germany adaonetsa kuti mitundu 11 ya ku Barombi Mbo idachokera kwa kholo limodzi m'kanyanja momwemo, umboni wamphamvu wakuti mtundu ukhoza kugawikana popanda phiri pakati. Mfunda wa Oreochromis nawonso udaima nji. Zina zidagwa. Zidapezeka kuti nsomba zolondera chisa zimene adazisiya mu Tilapia sizapachibale zonse, ndipo mu 2013 chilunguni chidasamutsidwira ku Coptodon. Ina mwa mifunda ya mu 1989 ikukayikiridwanso, poti mizere ya pathupi imatha kufanana pa nsomba zosachokera kumodzi.

Amene ankayembekeza kuti DNA ithetsa mkangano adagwiritsidwa mwala. Kafukufuku wa mu 2018, amene adawerenga chibadwa chonse cha mitundu 73 ya m'nyanja ya Malawi, adapeza kuti mcheni wodya zinzake, utaka wa pakati pa nyanja ndi mbuna yopala ndere pamiyala zimasiyana pang'ono zedi, kuchepera kutali kusiyana kwa munthu ndi chimpanzi. Adapezanso kuti m'mbiri yake mitunduyi yakhala ikusakanikirana magazi nthawi ndi nthawi. Oweta nsomba m'matanki adadziwa kale kuti mitundu yambiri imene siyang'anana m'nyanja imakwerana n'kubereka ikatsekeredwa pamodzi. Tanthauzo la Mayr limagwira pamene nsomba zili ndi ufulu wosankha, ndipo limaterereka ufuluwo ukachoka. N'chifukwa chake mukafunsa kuti m'nyanja ya Malawi muli mitundu ingati ya cichlid, akatswiri amayankha mosiyana, ena 700, ena 800, ena mpaka 1,000, malinga ndi muyeso umene aliyense wagwira. Yambiri ikadalibe dzina la Chilatini.

Wowerenga wa mu Lilongwe kapena mu Blantyre angafunse kuti mikangano ya maina imukhudza bwanji. Yankho limodzi lili kwa Mavwere komweko. Mvula yogwa m'derali imatsikira m'timitsinje tothira mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja. Damu likasefukira m'mwezi wa Febuluwale, zimene zidali m'menemo zimayamba ulendo umenewo. Kutsidya kwa malire, ku Zambia, alimi ambiri amaweta Oreochromis niloticus, nsomba ya ku Nile ija, chifukwa imakula msanga, ndipo alimi a kuno akhala akufunsa chifukwa chimene boma limawakanizira. Chifukwa chake chili m'dzina loyambalo. Nsombayo ndi ya mfunda umodzi ndi makumba ndi chambo, ndipo kumene idalowetsedwa m'maiko ena a kuno kummwera kwa Africa yakhala ikukwerana ndi abale ake a m'deralo mpaka mtundu wa eni nthaka kusungunuka. Ofufuza adaipeza kale m'madamu a ku Tanzania, m'dera limene madzi ake amathira m'nyanja yathu yomweyi.

Yankho lina lili m'khoka. Bola chambo chonse chikuwerengedwa ngati nsomba imodzi, mtundu umodzi ukhoza kutha anthu osazindikira, poti pamsika chambo chimaonekabe, kungoti chochepa ndi chokwera mtengo. Usodzi wa chambo m'nyanja ya Malombe udagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kummwera kwa nyanja ya Malawi nako chakhala chikuchepa ngakhale boma limatseka usodzi wa makoka kwa nyengo ina pachaka kuti chiswane. Kudali kotheka kufunsa kuti ndi chambo chiti chimene chikutha msanga chifukwa chakuti mu 1941 wina adachilekanitsa m'mitundu yake.

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Mitundu yonse itatu ya chambo, squamipinnis wa Günther, karongae ndi lidole, idaikidwa m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Lidole, chambo cha mutu waukulu chija, ndilo lili pamavuto aakulu: limachedwa kukhwima, ndipo linkagwidwa lisadaswe. Ofufuza amene akhala akulisaka m'madoko a kummwera kwa zaka zambiri akuopa kuti mwina lidatha kale. Nsomba zimene Mayi Trewavas adaziyeza polipatsa dzina zikadali m'mabotolo ake ku London.